Khola la Waya Pansi pa Mkungudza

Renita Culp anagwira ntchito yojambula m'mimba mwa amayi oyembekezera kwa zaka makumi awiri ndi zinayi pa kachipatala kena kumpoto kwa Mississippi. Maso ake anazolowera kuona zinthu pomwe ena amangoona utsi. Pa galasi lotuwa iye ankatha kuloza kuti apa mutu, apa msana, apa kamtima kakugunda. Choncho mwamuna wake Delmar atamwalira n'kumusiyira boti, Renita anagula makina oonera nsomba, aja oonetsa pa sikirini zonse zili pansi pa madzi, ndipo mwezi usanathe anali atayamba kuwawerenga kuposa amuna onse a pa damu.

Amene zinamuwawa kwambiri anali mlamu wake Odell, mkulu wake wa malemu. Kwa zaka makumi atatu, Januwale aliyense, abale awiriwa ankadula mikungudza, kuimangirira ku njerwa za simenti, n'kukamiza mitengoyo m'malo odziwa okha. Nsomba za kirapi, zija zamawangamawanga zamlomo wopyapyala ngati pepala, zimakonda kusonkhana m'nthambi, ndiye wodziwa pali mtengo ndiye mwini nsomba. Odell ankapeza mitengo yake poyang'ana thanki lamadzi la m'tauni ndi chitsa china kutsidya, n'kuima pomwe ziwirizo zalunjikana. Tsopano mkazi wa mng'ono wake ankangoyendetsa boti pang'onopang'ono, maso ali pa sikirini, n'kupeza m'mphindi khumi chimene iye anabisa zaka khumi.

Loweruka loyamba la Malichi kunali mpikisano wa kalabu ya owedza. Chaka chimenecho anaupatsa dzina la Delmar, chifukwa iye ndi Odell anatenga chikho kasanu ndi kamodzi. Nsalu yaikulu yolembedwa dzina lake inali itamangidwa pa shedi ya padoko. Renita atafika kukungocha, anapeza amuna ataunjikana pansi pa nsaluyo, makapu a khofi akufuka m'manja.

"Adokotala aja afika," anatero Odell mokweza. "Lero mukajambula mimba ya nsomba iti? Mudzatiuze ngati ali mwamuna kapena mkazi."

Amuna ena anaseka, ena anabisa nkhope m'makapu.

"Mwadzuka bwanji, alamu?" anatero Renita.

"Ulamu unathera kumanda. Boti la mng'ono wanga walisandutsa chipinda choonera kanema. Kuwedza kumeneko? Kumeneko n'kusuzumira pazenera la eni."

"Mitengo ikalowa m'madzi ndi ya boma, alamu. Lamulo silinachokere kwa ine."

"Unadulako ngakhale nthambi imodzi iwe? Unanyamulako njerwa zala zitauma ndi chisanu?"

"Ndinkachapa zovala za amene ankanyamulayo."

Odell analavulira pansi fodya yemwe ankatafuna, pafupi ndi nsapato ya Renita. Apo Purvis Tate, wapampando wa kalabu, munthu wamtali wosakonda phokoso, anagogoda tebulo n'kukumbutsa malamulo. Boti lililonse libwere ndi nsomba zisanu ndi ziwiri zamoyo pofika fili koloko. Woyamba kufika pamalo ndiye mwini malo, wina asayandikire mayadi makumi asanu. Kenako anthu anatola manambala m'chipewa, osonyeza ndondomeko yonyamukira padoko. Renita anatola nambala yachitatu. Odell anatola yakhumi ndi chisanu ndi chinayi, ndipo ataiona anatukwana chapansipansi.

"Ulowera kuti?" anafunsa Odell pomwe Renita ankamasula chingwe.

"Komwe kuli madzi."

Komwe ankapita anali atakusankha kale. Sabata yathayo, posesa m'galimoto la Delmar, anapeza kabuku kothimbirira ndi mafuta momwe malemu ankalemba malo a mitengo. Malo onse Renita ankawadziwa kupatula amodzi, olembedwa patsamba lomaliza kuti "Nkhokwe". Anali m'kachigwa kena kakumpoto, kuseri kwa phiri, komwe maboti sapitapita. Delmar sanamutengereko ngakhale tsiku limodzi. Renita anangoganiza kuti amenewo ndiwo malo omwe abale aja ankasungira masiku a mpikisano, ndipo anafuna kuwina chikho cha dzina la mwamuna wake pa mtengo wa mwamuna wake.

Atafika anazimitsa injini yaikulu, n'kutsitsa kainjini kamagetsi kakutsogolo, kaja koyenda mwakachetechete. Madzi anali zii, nkhungu ili yoyoyo pamwamba pake. Anatsitsa diso la makina, n'kuyamba kulizunguliza pang'onopang'ono. Poyamba sikirini inangoonetsa mdima ndi mzere wachikasu wa matope apansi, mapazi khumi ndi asanu ndi atatu kuchokera pamwamba. Kenako gulu la timatemba linadutsa ngati utsi. Kenako mtengo unatulukira, mkungudza waukulu wogona chammbali, nthambi zili nyang'anyang'a.

Pamatope panagona chinthu chachitali, koma Renita anadziwa kuti ndi mlamba, ndipo sanachilabadire. Iye ankafuna timadontho towala, tozungulira, tokhala phee pamwamba pa nthambi tosayendayenda. Anatiwerenga, tinalipo khumi ndi tiwiri. Tiwiri tinali tonenepa kuposa tinzake.

Anaponya kanyambo kake kaubweya n'kukaona pa sikirini kakutsika ngati kambewu ka mpunga. Kirapi maso ake ali chakumwamba, sadya chapansi pake, ndiye Renita anakaimitsa phazi limodzi pamwamba pa dontho lalikulu. Dontholo linapendekeka, linakwera pang'ono, linaima. Renita anaumitsa dzanja. Kenako madontho awiriwo anasanduka limodzi, ndodo n'kuti thi. Anakoka modekha kuti mlomo usang'ambike, nsomba n'kugwera m'boti, yonenepa, mimba ili tushu ndi mazira. Yachiwiri inabwera chimodzimodzi.

Atazunguliza diso kuti aone mbali ina ya mtengo, anaona chinthu chomwe chinamuimitsa. Pansi pa thunthu panali mizere inayi yowongoka, yokumana m'ngodya. Nthambi siziwongoka chotero. Anayandikira, anawonjezera kuwala. Chinali chibokosi, ndipo m'kati mwake munali madontho akuluakulu, aakulu kuposa onse a m'nthambi. Sanali phee ngati anzawo. Ankayenda pang'ono n'kubwerera, onse pamalo amodzimodzi, ngati akugunda khoma.

Renita anakhala pansi. Ankamva nkhani zotere za kumadamu ena, za anthu ogwira nsomba zikuluzikulu masiku angapo mpikisano usanafike, kuzitsekera m'khola la waya, n'kudzazitola pa tsikulo. Apa anali akuziona ndi maso ake.

Sipanapite nthawi, anamva injini ikulira kuseri kwa phiri. Boti lobiriwira la Odell linatulukira likuthamanga, ndipo litamuona linachita ngati lagunda mwala. Odell anaima chilili, chipewa chili m'manja.

"Choka pamenepo!"

"Mayadi makumi asanu, alamu. Mwawamva a Purvis."

"Mtengo umenewo ndinamiza ndine! Wakuuza ndani za malo ano?"

"Kabuku ka mwamuna wanga."

"Kabuku kameneko si kako. Ndati choka, usandiyese!"

"Ndichoka ndikamaliza. Zikudya bwino lero."

Odell anakhala pansi, anakoka injini, n'kuyamba kuzungulira boti la Renita mwaliwiro. Mafunde anamenya kuchokera mbali zonse. Fulasiki ya khofi inagubuduzika, ndodo ziwiri zinakodana, Renita anagwira mpando ndi manja onse kuti asagwe. Pa sikirini madontho a m'nthambi anabalalika n'kuzimirira mumdima. Otsala anali a m'bokosi okha. Odell anazungulira kanayi, kenako anaima, akupuma wefuwefu ngati wathamanga ndi miyendo.

"Zathawa," anakuwa. "Palibenso chako apa. Dzipita."

"Zina sizinathawe," anatero Renita. "Zilipo zingapo zomwe zalephera kuthawa. Mukudziwa chifukwa chake?"

Odell anayang'ana kumbali. Khosi lake linafiira mpaka m'makutu.

Renita anatsegula bokosi la zida n'kutulutsa ngowe yamano atatu yomwe Delmar ankakokera nangula akakodwa. Anaimanga ku chingwe n'kuitsitsa, maso ali pa sikirini. Anaiona ikutsika pakati pa nthambi, anaiphonyetsa kawiri, kachitatu inakola ngodya ya bokosi.

"Siya zimenezo, Renita."

Aka kanali koyamba kumutchula dzina chimwalirire Delmar. Renita anapitiriza kukoka. Chinthucho chinali cholemera, chingwe chinamutupula khungu la m'manja, koma mkwiyo unamupatsa mphamvu. Khola linatulukira lili ndere zokhazokha, madzi akuchucha, m'kati muli phiriphiri. Analikhazika m'mphepete mwa boti n'kuwerenga. Zinali zisanu ndi zitatu, iliyonse yoposa mapaundi awiri, milomo itasupuka chifukwa chogunda waya.

"Munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu ndi ziwiri," anatero Renita. "Mkulu wa mpingo. M'mawa uno mwandinyoza ngati wakuba pamaso pa anthu. Pa mpikisano wa dzina la mng'ono wanu! Manyazi mulibe?"

Odell anayandikitsa boti lake mpaka maboti awiriwo anagundana. Nkhope yake inali itasintha. Mantha aja anali atachoka, m'malo mwake munali kumwetulira koipa.

"Popeza maso ako ndi akuthwa chotero, tayang'ana kachitseko kake. Pukuta ndere. Yang'anitsitsa."

Renita anapukuta ndi chala. Loko wa kachitsekoko anali wopangidwa ndi supuni yakale yopindidwa, yowotcherera ku kabawuti. Pa dziko lonse panali munthu mmodzi yekha wopanga maloko otero, Delmar. Wina wotero unali pa geti la dimba la matimati la Renita, wina pa khola la agalu. Ngakhale mzere wowotcherera unali wa dzanja lomwelo, wosalala ngati wosokedwa ndi singano.

"Ine kuwotcherera sinditha," anatero Odell. "Ukudziwa. Nzeru yake inalinso yake, osati yanga. Chaka chomwe anyamata a mumzinda anayamba kubwera ndi makina awo n'kumatikolopa pamitengo yathu yomwe, iye ndi amene anati, achimwene, tisafe tikuona. Zikho zinayi zomaliza zija zinatuluka m'khola limeneli. Unkazipukuta fumbi wekha."

"Mukunama."

"Lachitatu lililonse mpikisano ukayandikira ankakuuza kuti akupita kuti?"

Delmar ankati akukayesa injini. Renita ankamukonzera buledi wa nyama yankhumba n'kumuikira tiyi wozizira m'botolo. Ankabwera madzulo opanda nsomba ngakhale imodzi, akuimba mluzu, Renita n'kumamuseka kuti msodzi wanji wobwera chimanjamanja. Renita anayang'ana supuni ija nthawi yaitali, mpaka nsomba zinayamba kufooka m'kholamo.

Anatsegula kachitseko n'kupendeketsa khola. Nsombazo zinagwera m'madzi imodziimodzi. Zina zinayandama chammbali kaye, kenako zinapindika n'kulowa pansi.

"Basi zatha," anatero Odell, mawu atafewa. "Palibe wawina, palibe waluza. Pita nalo pakati paja pozama, ulitaye. Ine sindinaone kanthu, iwe sunaone kanthu. Dzina la Delmar likhale pansalu paja."

Renita analinyamula kholalo. Kunena zoona, anali atavomera mumtima. Ankaganiza za mwana wawo wamkazi ku Memphis, yemwe anaika chithunzi cha bambo ake atanyamula chikho pa khoma la pabalaza. Ankaganiza za amayi a kutchalitchi. Khola linali kale pamwamba pa madzi, kungotsala kutsegula zala.

Odell akanangokhala chete. Koma ataona kuti zayenda, anavala chipewa chake n'kuseka.

"Ndinadziwa. Wadya nawo zaka zonsezi, ungalavule lero? Tsopano uzidziwa malo ako. Ndipo kabuku kaja ubweretse kunyumba mawa tikaweruka kutchalitchi."

Renita anabweza kholalo n'kuliika pansi m'boti mwake.

"Ukutani?"

"Sunthani boti lanu, a Culp. Mayadi makumi asanu."

Odell anatambasula dzanja kuti alande, koma Renita anaponda kainjini kamagetsi, boti n'kusuntha, mkuluyo n'kutsala akupalasa mphepo, pang'ono kugwera m'madzi. Anatukwana mawu omwe mkulu wa mpingo sayenera kuwadziwa. Anatchula mayi ake a Renita, anatchula kwawo komwe anachokera, anati Delmar anakwatira njoka ndipo banja lonse linadziwa kuyambira tsiku laukwati. Renita anayatsa injini yaikulu n'kutuluka m'kachigwamo.

Sanawedzenso tsiku limenelo. Anakaima pakati pa damu, makina atazimitsa, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Analira pang'ono, kenako anakwiya, kenako analiranso. Kawiri konse ananyamula khola kuti alitaye, pakuti apo panali pozama mapazi makumi anayi. Sankadziwa ngati akulisunga chifukwa cha chilungamo kapena chifukwa cha kuseka kuja kwa Odell, ndipo anaona kuti mwina sadzadziwa.

Fili koloko itakwana padoko panali podzaza. Amayi anali atayatsa kale mbaula, akukazinga nsomba zopaka ufa wachimanga ndi timandasi ta anyezi. Ilene, mkazi wa Odell, ndiye ankagawa mbale. Amuna anali pamzere wa sikelo ndi matumba awo amadzi osungiramo nsomba zamoyo. Odell anali atafika kale, ataima pambali, manja ali m'thumba, alibe nsomba.

Nthawi ya Renita itakwana, anadutsa pakati pa anthu atanyamula khola, n'kuliika patebulo pafupi ndi sikelo. Ndere zinadontha pa mapepala a Purvis. Phokoso lonse linatha. Panalibe msodzi pamenepo wofunika kumuuza ntchito ya chinthucho.

"Mayi Culp," anatero Purvis pang'onopang'ono, "mwalitenga kuti ili?"

"Pansi pa mkungudza, m'kachigwa kakumpoto. Munali nsomba zisanu ndi zitatu. Ndazimasula."

"Mukumudziwa mwini wake?"

"Ndi la kubanja kwathu. Anapanga ndi mwamuna wanga. Amene anaikamo nsomba sabata ino anene yekha, ali pomwe pano."

Anthu onse anatembenukira kwa Odell. Iye anayang'ana Renita, anayang'ana nsalu ija, kenako anayenda kupita ku galimoto lake. Ilene anaponya chipande m'mafuta, mafuta n'kuthovukira pambaula.

"Munthu anagona m'manda chaka sichinathe," anakuwa Ilene, "iwe n'kumufukula pamaso pa anthu! Anakulakwira chiyani Delmar? Sanakumenyepo, sanakusiyepo ndi njala. Mfiti iwe!"

"Mayi, chonde," anatero Purvis.

"Ayi, ndisiyeni! Akanabwera kunyumba tikanakambirana ngati anthu. Koma ayi, adokotala afuna aliyense aone kuti amaona!"

Renita anatenga nsomba zake ziwiri zija, anakazibwezera m'madzi, n'kukweza boti pangolo yokoka ndi galimoto. Palibe anamuthandiza kubweza galimoto, chinthu chomwe amuna a padoko ankachita kulimbirana masiku onse.

Komiti inakumana Lachiwiri. Odell anamuchotsa m'kalabu moyo wake wonse, ndipo mayina a abale awiriwo anawapala pa chikho chachikulu cha kalabu pa zaka zinayi zomaliza. Mnyamata wina wa ku Oxford yemwe anakhala wachiwiri kawiri m'zaka zimenezo anamuimbira Renita foni kumuthokoza, koma anali yekhayo. Ena onse, ngakhale omwe anaberedwa, ankamuyang'ana ngati wawanyozetsa. Ku sitolo ya nyambo nkhani zinkatha iye akalowa. Kutchalitchi Odell anatula pansi udindo, Ilene n'kusamutsa banja lonse kukakhala mabenchi a mbali ina. Mwana wa Renita wa ku Memphis uja anakhala milungu isanu osayankha foni, ndipo atayankha anangofunsa kuti, "Amayi, simukanangolitaya?" 

Mwezi wa Meyi, Lamlungu lolambula kumanda, mabanja onse anabwera ndi makasu, maluwa ndi madengu a chakudya. Renita anafika mochedwa dala, koma anapeza Odell adakali pa manda a Delmar, atagwada, akuzula udzu. Anali ataonda, malaya akumukhuthukira. Renita anagwada mbali inayo n'kuyamba kuzula wake. Anagwira ntchito nthawi yaitali osayang'anana, mwala wa pamanda uli pakati pawo.

"Wasiya chisoso apo," anatero Odell.

"Ili ndi gawo langa. Samalani lanu."

Anapitiriza. Patapita kanthawi Odell anaweramuka, anagwira m'chiuno, maso ali kutali.

"Unati zinali zingati?"

"Zisanu ndi zitatu."

"Ndinaikamo zisanu ndi zinayi."

"Ndiye kuti imodzi inali ndi nzeru kuposa inu nonse awiri."

Odell anatsonya. Anatola khasu lake ndi botolo lamadzi, anasuntha maluwa a Renita pang'ono kuti asakhudzane ndi a Ilene, n'kutsetsereka kupita kumthunzi komwe banja lake linayala chakudya. Renita anawabwezera maluwawo pomwe anali, n'kumaliza kuzula udzu wa mbali zonse ziwiri.